Mpopi wa Lachisanu

Pasukulu ponse ankangomutchula kuti Mlendo. Dzina lake linalipo ndithu, lolembedwa bwinobwino pachitseko cha kabati yake, koma linkawapinda lilime eni dziko, ndipo atalimbana nalo sabata imodzi anagonja. Iye sanadandaule. Anali mayi wa zaka makumi anayi ndi mphambu zisanu, wamfupi, woyenda mwandawala ngati basi ikumuthawa, ndipo anali ataphunzitsa sayansi kwawo zaka makumi awiri asanasankhidwe kudzaphunzitsa kunja chaka chimodzi. Kwawoko anasiya mwamuna, ana atatu, ndi apongozi amene sankatopa kufunsa kuti ndi mkazi wanji wosiya ana ake n'kukanola mitu ya ana a eni.

Anthu akamva zoti uje ali kunja amaganiza kuti akusambira m'mafuta. Akanabwera kudzaona. Mlendo ankakhala m'kachipinda ka pansanjika yachinayi, ka bedi limodzi, tebulo limodzi, ndi zenera loyang'anizana ndi khoma la nyumba ina. M'mawa ankasita diresi, kutsika masitepe, n'kukwera basi yodzaza ndi anthu osayang'anana. Masabata awiri oyamba ankapereka moni kwa aliyense wokhala naye pampando, mpaka anazindikira kuti akumuona ngati wozungulira mutu. Kuchipinda cha aphunzitsi nakonso kunali malamulo osalembedwa: aliyense kapu yake, aliyense mpando wake. Tsiku loyamba anakhalira mpando wa mphunzitsi wa masamu, ndipo bamboyo anaima pambali pake akumwetulira mozizira mpaka iye anadzuka yekha. Sikuti anthu amenewa ankamuchitira nkhanza, ayi. Ankangomulambalala mwaulemu, ndipo ulemu wotero umawawa chifukwa ulibe pokadandaulira. Ana a m'kalasi okha ndi amene anamuzolowera msanga, ngakhale ankaseka katchulidwe kake ka mawu ndipo iye ankawabwezera powafunsa mafunso mosawachenjeza.

Abwenzi anapeza awiri, ndipo onse sanali aphunzitsi. Woyamba anali mayi woyang'anira laibulale, amene ana anam'patsa dzina loti Namabuku, wamtali, waphokoso, woseka mpaka kumenya tebulo m'chipinda chimene iye yemwe anapachikamo chikwangwani choletsa phokoso. Ndi amene anaphunzitsa Mlendo basi yoyenera kukwera, sitolo yosabera anthu, ndi mawu oyenera kuuza wogulitsa akayamba chibwana. Loweruka lililonse ankayenda limodzi m'tauni, osagula kanthu kwenikweni, kungojeda amuna awo ndi kuyesa nsapato zoti sadzazivala. Mabuku ake Namabuku ankawakonda ngati ana obereka yekha. Ambiri anachita kuwapempha khomo ndi khomo, kuwamata yekha, kuwakutira yekha, kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Wachiwiri anali bambo wosunga makiyi a sukulu yonse, ndipo dzina lawo linamira kalekale m'ntchito yawo. Aliyense, ngakhale ahedi, ankangoti a Makiyi. Anali owonda, a imvi, ndipo unkawamva asanaoneke chifukwa cha mulu wa zitsulo umene unkalira m'chiuno mwawo. Kachipinda kawo kanali kunsi kwa masitepe. Munali bolodi la misomali yopachikapo makiyi, buku lalikulu losayinamo, ketulo, ndi mipando iwiri, wina wopanda chotsamira. Ubwenzi wawo ndi Mlendo unayamba ndi moni. Tsiku lachitatu mayiyu anaima pakhomo pawo n'kufunsa, monga achitira munthu woleredwa, kuti kunyumba kwacha bwanji. Bamboyo anacheuka kuti aone ngati kumbuyo kwawo kuli wina. Zaka makumi atatu ndi chimodzi akutsegulira anthu zitseko, palibe anawafunsapo za kunyumba. Analiyankha funsolo lonse lathunthu mpaka belu linalira.

Kunyumbako kunali kanyumba ka sukulu kuseri kwa bwalo la mpira, kapansi, kopanda sitepe ngakhale imodzi. Mmenemo munkakhala akazi awo, amene anafa ziwalo mbali imodzi zaka zinayi m'mbuyomo ndipo ankayenda pachikuku. Ana awo awiri anali kutali, aliyense ndi mtolo wake. A Makiyi anatsala ndi miyezi isanu ndi itatu kuti apume pantchito, ndipo lamulo la pasukulupo linali lakuti wopuma bwino amasiyiridwa kanyumbako mpaka tsiku lake lomaliza, koma wochotsedwa amatulukamo mwezi usanathe. M'tauni imeneyo nyumba yapansi sipezeka wamba. Miyezi yotsalayo bamboyo ankaiyenda ngati munthu wosenza mazira.

Nthawi yopuma Mlendo ankathawira kunsi kwa masitepeko.

"Aphunzitsi, uyu si tiyi wothira shuga," ankatero a Makiyi pomuona akuthira supuni yachinayi. "Uyu ndi shuga wothira tiyi."

"Malume, kunja kuno kukuwawa kale. Tiyi nayenso awawe?"

Umalumewo anachita kuwapatsa yekha, iwo n'kuulandira ndi manja awiri.

Labu, chipinda chophunziramo sayansi, inali pamwamba penipeni pa laibulale, ndipo inkakhomedwa folo koloko. Munali mankhwala oopsa, choncho kiyi wake ankasunga mkulu wa sayansi, wina anali m'chiuno mwa a Makiyi wozungulirira madzulo, ndipo wapadera ankakhala pamsomali. Koma Mlendo anali ndi kagwiridwe kake ka ntchito. Sankalola kuima pamaso pa ana ndi chinthu chimene sanachiyese yekha dzulo lake, chifukwa kwawo zipangizo n'zochepa, ukaswa botolo limodzi ndiye kuti phunzirolo lafa chaka chonse. Anapempha chilolezo kwa mkulu wa sayansi, anam'patsa fomu. Anadzaza fomuyo, anamuuza kuti adikire komiti. Atadandaula kachitatu kunsi kwa masitepe, a Makiyi anadzuka, anatseka chitseko, n'kuchotsa kiyi wapadera uja pamsomali.

"Ichi sindinachitirepo munthu chiyambire ntchito," anatero. "Akadziwa, ine ndatha. Mukamaliza muzikhoma, muzichiyesa chitseko kawiri."

"Malume, ine si mwana."

"N'chifukwa chake ndikukupatsani."

Miyezi isanu kiyiyo anakhala m'chikwama cha Mlendo popanda vuto. Chaka chinkapita kumapeto, ndipo ahedi anali atamuuza kuti akufuna atsale chaka chachiwiri. Kalata inali italembedwa kale, inkangodikira sayini. Kalata imeneyo sinali ya iye yekha. Wotsala chaka chachiwiri ankaloledwa kuitanitsa mwana mmodzi kudzaphunzira, ndipo mwana wake wachisamba, mtsikana amene anakhoza bwino koma n'kusowa malo kukoleji zaka ziwiri zotsatizana, anali atayamba kale kutsanzika anzake.

Lachisanu lina okonza mapaipi anakumba msewu wa kutsogolo kwa sukulu, madzi n'kutsekedwa kuyambira masana. Folo koloko a Makiyi anazungulira monga mwa masiku onse, chipinda ndi chipinda, zenera, getsi, mpopi, n'kukasayina m'buku lawo kuti zonse zili bwino. Anthu atabalalika, Mlendo anakwera mwakachetechete kukakonza phunziro la Lolemba. Anasonkhanitsa mabotolo oti atsuke n'kupotokola mpopi wa sinki ya pakona. Mpopiwo unangotsokomola kawiri n'kukhala chete.

Apa pakufunika mumumvetse mayiyu musanamuweruze. Kwawo madzi amabwera osagogoda, amachoka osatsanzika. Aliyense wokulira kumeneko amadziwa kuti mpopi ukauma suutseka. Umausiya chitsegulire, pansi n'kutchera ndowa kapena kutseka sinki, kuti madzi akabwera uwamve ndipo dontho lisapite pachabe. Mutu sumafunsidwa pa nkhani imeneyi, dzanja limachita lokha. Dzanja la Mlendo linakankhira chitsekerero m'sinki, linasiya mpopi chitsegulire, mwini wake akuganiza za Lolemba. Kenako foni inalira. Anali mwana uja, akukuwa ndi chimwemwe kuti pasipoti yatuluka. M'labu mawu ankadukaduka, choncho Mlendo anatuluka, anakhoma chitseko, anachiyesa kawiri monga anamulangizira, n'kutsika masitepe akuseka ndi mwana wake. Loweruka anayenda m'tauni ndi Namabuku. Lamulungu anachapa n'kugona masana. Mpopi sunam'bwerere m'mutu ngakhale kamodzi.

Lolemba anatsika basi n'kupeza ana aunjikana pabwalo, osalowa m'makalasi. Pamasitepe a pakhomo pankatsika madzi, pang'onopang'ono, osathamanga. Anadziwa asanauzidwe.

M'laibulale siling'i inali itagwa pakati, mashelefu atatu ali chigonere, mabuku atafufuma ngati buledi woviika m'tiyi. Namabuku anaima pakati pa madzi ofika m'akakolo, nsapato zili m'manja, ndipo mayi waphokoso uja analibe mawu. Mlendo anavula zake nayenso. M'mawa wonse ananyamula mabuku kukayanika pakhonde, masamba akumatirira ku zala zake, Namabuku akungobwereza kuti, "Achemwali, mukanapanda inu sindikudziwa." Mawu amenewo ankamulasa kuposa kutukwanidwa.

Masana ahedi anabwera, buku losayinamo lija lili chitsegulire m'manja. Anali bambo wosakweza mawu, ndipo anthu otere ndi amene amaopsa. Anaitanitsa a Makiyi pamaso pa onse amene ankakolopa.

"Sayini iyi ndi yanu?"

"Ndi yanga, bwana."

"Munalemba kuti mipopi yonse ya m'labu ndi yotseka."

"Ndinalemba, bwana."

"Mkulu wa sayansi sanabwere Lachisanu, anali kumsonkhano, kiyi wake ali m'thumba. Chitseko tachipeza chokhoma. Alipo wina analowamo inu mutachoka?"

Mlendo anali chapomwepo, atagwada, buku lonyowa lili m'manja. A Makiyi sanayang'ane kumene iye anali, anayang'ana nsapato zawo.

"Palibe amene ndikumudziwa, bwana."

"Ndiye kuti munasayina osaona. Komiti ikumana Lachinayi teni koloko. Mudzabwere."

Ahedi anatseka buku n'kumapita, ndipo Mlendo anapitiriza kunyamula mabuku ngati mmene ankachitira ena onse.

Lachiwiri nthawi yopuma anatsikira kunsi kwa masitepe. Ketulo inali yozizira.

"Malume, ndine."

"Ndikudziwa. Khalani pansi, aphunzitsi." Anatseka chitseko. "Mpopi uja ndinaugwira ndi dzanja langa ili, unali wotseka. Komanso zaka zonsezi sindinaonepo munthu wa kuno akutseka sinki podikira madzi. Nditangoona chitsekerero chija ndinati, awa ndi aphunzitsi anga."

"Ndikupita kwa ahedi pompano."

"Mukanene kuti munalowa bwanji? Pazenera?" Anaseka kuseka kouma. "Tamverani bwinobwino. Kusayina osaona ndi kulakwa kwa nkhalamba yotopa. Mwina andichotsa, mwina andimvera chisoni, sindikudziwa. Koma kupereka kiyi wa chipinda cha mankhwala kwa munthu wosaloledwa, pamenepo chisoni palibe, n'kutuluka tsiku lomwelo. Mukalankhula mwandimaliza ine, mwadzimaliza inu, mwamumalizanso mwana uja. Anthu atatu pa mpopi umodzi? Madzi akatayika saoleka, aphunzitsi. Khalani chete."

"Nanga amayi kunyumba?"

"Amayi ndi anga, ndidziwa chochita. Bweretsani kiyi uja abwerere pamsomali wake."

"Ndamusiya kuchipinda kwanga," anatero Mlendo.

Linali bodza. Kiyiyo anali m'chikwama chimene anachikumbatira pamiyendo, ndipo iye mwini sanadziwe chifukwa chimene wanamira.

Lachitatu ndiye linali tsiku lalitali. M'mawa anakumana ndi ahedi pakhonde, ndipo anamuyamikira chifukwa chothandiza kuyanika mabuku. Anati anthu ngati iye ndi amene sukulu imafuna, kalata ija asayina komiti ikangotha. Mlendo anathokoza, mawu akutuluka ngati a munthu wina. Atalowa m'laibulale anapeza Namabuku mawu atabwerera, ndipo anabwerera ndi moto.

"Nkhalamba ija ndi yaulesi, achemwali! Kungokhala kumwa tiyi, kusayina zinthu zosaona. Andiitana kukomiti mawa, ndikanena zonse, sindikabisa. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zanga zagona pakhonde apo zikununkha nkhungu. Inu mumamwa nayo tiyi, muiuze isadzandipatsenso moni."

"Mwina pali zina zimene sitikuzidziwa," anayesa Mlendo.

"Zotani? Madzi anadzitsegulira okha? Inu mtima wanu ndi wabwino kwambiri, n'chifukwa chake anthu amakudyerani masuku pamutu."

Nthawi ya nkhomaliro anakakhala pabenchi kuseri kwa makalasi n'kuimbira amuna ake. Anafotokoza zonse, osasiya kanthu.

"Mayi, mwini wake wakuuzani kuti mukhale chete. Mukufunanso chiyani?"

"Akuchotsedwa ntchito chifukwa cha ine, bambo."

"Mwina sachotsedwa, mwanena nokha. Ndipo mukalankhula achotsedwabe, ndiye mwapulumutsa ndani? Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Zaka ziwiri zikatha mudzabwerera kuno, ndani adzakumbuke za mpopi? Mwanayu wakhala pakhomo pano zaka ziwiri, anzake akumudutsa ndi mabuku. Dzulo wagona ndi pasipoti kunsi kwa pilo. Mukufuna ndimuuze kuti chiyani?"

Sanali munthu woipa bamboyo, ndipo vuto linali lakuti zonse zimene ananena zinali zoona. Mlendo anadula foni atakwiya, osadziwa kuti wakwiyira ndani.

Poweruka sanalunjike kokwerera basi. Miyendo inamutengera kuseri kwa bwalo la mpira. Akazi a a Makiyi anali pakhomo pachikuku chawo, akuwothera kadzuwa, bulangete lili pamiyendo. M'mbali mwa khoma munali mulu wa makatoni opinda, omangidwa ndi chingwe. Mayiwo anamukodola ndi dzanja lamoyo lija. Ankalankhula pang'onopang'ono, mlomo utakhotera mbali imodzi, ndipo Mlendo anachita kuwerama kuti amve.

"Aphunzitsi, bambowa akuti makatoniwa ndi a sukulu. Zaka makumi anayi ndili nawo, kunama sadziwa. Chakudya sakudya. Tandiuzeni inu, tikupita kuti?"

"Sindikudziwa, amayi."

"Masitepe ine sindingakwere, mwanawe. Akandiika pamwamba ndiye kuti sindidzaonanso kunja."

Mlendo anawakonzera bulangete limene linali lokonzeka kale, n'kutsanzika mwamsanga. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, amatero akuluakulu, ndipo iye anachita manyazi mpaka m'mafupa. M'basi anaima chiimire, atagwira chitsulo, akuitembenuza nkhaniyo uku ndi uku. Kukhala chete kunali kuwaponya bamboyo m'dzenje ndi kutseka maso. Kunena zoona zonse kunali kugweramo onse awiri. Basi ikukhota pafupi ndi kumene ankakhala anaona kuti ilipo njira yachitatu, ndipo inali yonyansa, yoti mwana wake ataichita angam'kwapule. Anapitirira malo otsikira osazindikira, n'kubwerera wapansi.

Lachinayi teni koloko anali ndi kalasi. Analemba mafunso asanu pabolodi, choko chikuthyoka kawiri, anauza ana kuti asasokose, n'kutuluka ndi chikwama chake. Khonde lopita ku ofesi silinatalikepo chotero. Pachitseko anaima, anapukuta manja padiresi, anagogoda n'kulowa asanayankhidwe.

Kutebulo lalitali kunakhala anthu asanu. Pakati panali wapampando wa komiti, mayi wa magalasi okhuthala, pambali pake ahedi, kumapeto mlembi ndi cholembera chake. Namabuku anali pampando wa kukhoma, manja atapinda pachifuwa. A Makiyi anakhala okha moyang'anizana ndi tebulo, atavala jekete lowakulira m'mapewa, mikono yake itaphimba zala. Atamuona nkhope yawo inagwa.

"Pepani mayi, tili pamsonkhano," anatero ahedi.

"Ndikudziwa, bwana. Ndabwerera nkhani yomweyo."

Anatsegula chikwama, anatulutsa kiyi uja n'kumuika patebulo. Kanali kachitsulo kakang'ono koma kanalira chipinda chonse.

"Mpopi ndinatsegula ndine. Lachisanu, hafu pasiti folo, bambowa atazungulira kale n'kusayina. Madzi kunalibe, ndinatseka sinki kuti ndiwadikire, ndinaiwala, ndinakhoma chitseko n'kumapita. Zimene analemba m'buku n'zoona."

Cholembera cha mlembi chinaima m'malere.

"Achemwali?" anatero Namabuku, ndi kamawu kakang'ono koti Mlendo anali asanakamvepo. Sanacheuke, chifukwa akanacheuka sakanamaliza.

Wapampando anavula magalasi. "Kiyi ameneyu munamupeza bwanji, mayi? Simuli pamndandanda wa ololedwa."

"Ndinamutenga ndekha pamsomali m'chipinda mwawo, tsiku lomwelo, iwo atatuluka. Ndimamwa tiyi mmenemo, ndimadziwa pamene amakhala. Sanandione, ndipo sindinawauze."

"Mukulidziwa dzina la chimene mukunenachi?"

"Ndikulidziwa. Ndi kuba."

Ahedi anamuyang'ana nthawi yaitali. "Mukudziwanso kuti kalata yanu ija ili m'kabati umu, yosasayina?"

"Ndikudziwa, bwana."

Mlendo anaganiza kuti zatha. Koma wapampando anabwezera magalasi pamphuno n'kutembenukira kwa bambo wa jekete lalikulu uja.

"Bambo, tikufuna timve kwa inu. Kiyi ameneyu munachita kuwapatsa mayiwa, kapena anaba?"

Apa ndi pamene Mlendo sanaganizepo m'basi muja. Bodza lake linali lolemera, lofuna munthu wachiwiri woti alisenze mbali inayo, ndipo munthuyo anali woti akazi ake amati kunama sadziwa. A Makiyi anakhala chikhalire, manja ali pamawondo. Kwa nthawi yoyamba chiyambire Lolemba anamuyang'ana m'maso, ndipo Mlendo anaona kuti akwiya, akwiya kwambiri, ngati munthu amene wam'kankhira pakona popanda kum'funsa. Iye anawayang'anabe, osaphethira, akuwapempha ndi maso. Panja ana ankaseka kwinakwake. Wotchi ya pakhoma inkamveka.

"Bambo, tikudikira."

Milomo yawo inasuntha koma mawu sanamveke.

"Kwezani mawu, alembi amve."

"Anaba," anatero a Makiyi. "Anaba, mayi. Ine sindinadziwe."

Ndi zimene Mlendo anadzera, ndi zimene ankapempherera ali pakhonde, komabe zinamuwawa ngati mbama ya pagulu. Cholembera chinayamba kuyenda. Wapampando anamuuza kuti akadikire panja. Podutsa pafupi ndi khoma, Namabuku anabweza miyendo kuti diresi lisamukhudze, nkhope atayang'anitsa kuzenera.

Anakakhala pabenchi ya pakhonde, pamene amakhala ana odikira chilango. Panapita mphindi makumi awiri, kapena ola, sanathe kudziwa. Kenako chitseko chinatseguka, a Makiyi n'kutuluka. Anayenda mpaka pamene iye anakhala n'kuima, akuyang'ana khoma la pamwamba pa mutu wake.

"Akuti ndibwerere kuntchito," anatero.

"Zikomo Mulungu."

"Aphunzitsi, ine ndakutchulani wakuba. Pamaso pa anthu. Zalembedwa."

"Mwanena bwino, malume. Pitani mukawauze amayi kuti sakusamuka."

A Makiyi anaimabe kanthawi, kenako anatembenuka n'kumapita. Atafika pakati pa khonde anaima, anatsamiritsa chipumi kukhoma, ndipo mapewa a jekete lija anayamba kugwedezeka. Mlendo anafuna kudzuka kuti apite kwa iwo, koma chitseko chinali chitatsegukanso, mlembi ali pakhomo.

"Mayi, lowani."

Anaimirira n'kukonza diresi. M'chikwama foni inayamba kulira, ndipo sanafunike kuyang'ana kuti adziwe kuti ndi mwana wake. Anapisa dzanja, anaizimitsa, n'kulowa.